Amayi a Makoswe ndi Dripi Yokutidwa

Kulabu yofufuzira mankhwala ankangowatchula kuti Amayi a Makoswe, ndipo eni ake ankavomera ndi kumwetulira. Kwa zaka makumi awiri ankadyetsa makoswe oyera, kuwayeza pasikelo ndi kutsuka timabotolo. Sukulu anailekera panjira, koma dzanja lawo silinkanjenjemera: chiwindi cha khoswe ankachidula mopyapyala ngati khoko la anyezi.

Chaka china apulofesa a pamalopo anayamba kufufuza mankhwala ena otsitsa bipi mwachangu. Amayiwo ankaika chiwindi, impso ndi magazi m'timabotolo tosiyana, n'kudonthezeramo mankhwalawo. Pakapita kanthawi, madzi oyezera ankasintha mtundu.

"Ameneyo ndi sayanaidi, poizoni weniweni," anatero apulofesa. "Amabwera atamangidwa m'kati mwa mankhwalawa, ndipo thupi ndi limene limamasula mfundo yake. Akakhala wochepa, chiwindi chimamuziziritsa, impso n'kumutulutsa ndi mkodzo."

"Ndiye kuti mlendo wabwera ndi njoka m'thumba, mwininyumba n'kumasula yekha?" anafunsa amayiwo.

Apulofesa anaseka mpaka kuvula magalasi.

Patapita zaka zinayi, amuna a Amayi a Makoswe, omwe anali telala, anagwa masana ali pamakina, bipi itakwera kwambiri. Amayiwo atafika kuchipatala anapeza dripi yokutidwa ndi pepala lonyezimira kuti kuwala kusaononge mankhwala. Atawerenga dzina lake, anazindikira kuti ndi mankhwala a sayanaidi aja ankayeza kulabu.

"Anamwino, amenewa ayamba nthawi yanji? Nanga impso mwaziyeza?"

Namwinoyo anatembenuka. "Pepani mayi, ndinu adokotala?"

"Ayi mwanawe, ine ndimaweta makoswe."

Namwino anaseka, koma anawasendezera mpando n'kuwaonetsa khadi la wodwala. Impso zinali bwino, mlingo unali wochepa, ndipo bipi ikangotsika awasinthira ku mapilitsi. Amayiwo anakhala pomwepo akuwerenga mpweya wa amuna awo. Dzuwa lisanalowe, dripi ija inachotsedwa.

Atelala atatsegula maso anang'ung'udza. "Thalauzi ya eni ndaisiya mwendo umodzi wosasoka."

"Ayende choncho, bambo. Inu gonani."

Anatuluka tsiku lachisanu. Adokotala anawalamula kuti aziyenda pansi tsiku lililonse, choncho m'mawa uliwonse amaperekeza akazi awo kokwerera basi, atawanyamulira chikwama. Njira yonse amakangana kuti wochedwetsa mnzake ndani, ndipo kawiri konse basi yawasiya mlanduwo usanathe.