Kukonza Pabalaza Alamu Asanafike

Mkazi wanga adagwa m'munda tikukolola chimanga. Kuchipatala adati ndi sitiroko. Adabwerako mkono ndi mwendo wa kumanzere zitalefuka, pakamwa patapotoka pang'ono. Kulankhula ankalankhula, koma mochedwa.

Ndidamugoneka kuchipinda. Adakhala kumeneko nyengo yonse yozizira. Ndinkamusambitsa ndine, kumutembenuza ndine. Phala ankalandira masipuni ochepa, kenako n'kutembenukira kukhoma.

Ine kwathu ndi ku Msakambewa. Iye kwawo ndi kumapiri a Ntchisi. Ndidamutenga chitengwa tidakali achinyamata. Chitengwa n'chopempha. Mkazi amakhala kwanu, kubereka kwanu, kukalambira kwanu, koma mwini wake ndi mlongo wake. Akafuna amamuitanitsa. Zaka zonsezi zimenezo sindidaziganizepo.

Mlongo wake wamkulu, alamu anga, adabwera kudzazonda matenda. Adalowa kuchipinda kuja. Zenera lake ndi laling'ono, ndipo fungo lidalimo ngakhale ndidali nditachapa zofunda. Sadakhalitse. Adandiitanira panja, pansi pa mtengo wa mango.

“Alamu, munthu uyu tidakupatsani akuyenda.”

“Inde.”

“Lero mwamusunga mumdima ngati thumba la mbewu.”

“Akukana kutuluka.”

“Ndibweranso mvula isanagwe, msewu wa kwathu usanaonongeke. Ndikadzamupeza momwemo, ndidzamutenga. Kumudzi kuli abale ake aakazi.”

Chakudya adakana. Adakwera njinga yamoto n'kumapita.

Kuti mkazi wanga atuluke m'chipinda chija ankayenera kudutsa pabalaza. Vuto lidali pamenepo. Adayesapo kamodzi nditamugwira, adaterereka, tidagwa tonse. Kuyambira pamenepo sadafunenso.

Pabalaza padali pake. Nyumbayo tidaimanga chaka chimene fodya adatikomera, ya njerwa zootcha ndi malata, koma chipinda chimenecho adachikonza yekha pang'onopang'ono. Mipando ya sofa yofiirira, iliyonse ndi kansalu koluka pamutu. Kabati ya galasi yodzaza mbale zimene sitidadyerepo. Tebulo la galasi pakati, lochokera kwa mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Pansi simenti yofiira, yopakidwa polishi Loweruka lililonse mpaka kuwala. Pakona, kuseri kwa katani, matumba a chimanga, pakuti masiku ano m'nkhokwe amaba. Ife eni nyumba sitinkakhalapo. Padali pa abusa, akulu a mpingo ndi alendo. Ife tinkakhala pakhonde. Ine podutsapo ndinkavula nsapato.

Ndidaimbira foni mwana uja, n'kumuuza mawu a amalume ake.

“Ababa, musaononge pabalaza pa amayi. Ndikutumizirani zithunzi muone mmene anzathu amakonzera. Mungoika kapeti ndi makatani owala. Amalume akaona pooneka bwino adziwa kuti amayi akusamalidwa.”

“Amalume ako sakubwera kudzaona makatani.”

“Koma tebulo lija musalichotse.”

Ndidalichotsa tsiku lomwelo. Lidali panjira, ndipo munthu akaligwera limacheka.

Ndidayamba ndi mpando. Ndidamunyamula mkazi wanga n'kumukhazika pa sofa. Adamira. Mawondo adakwera, msana udapindika, ndipo pomudzutsa ndidachita kumukoka ngati ndikuzula chitsa. Adalira. Mipando imene adaisamala zaka zonse idali yoti iye mwini sangakhalepo.

Ndidasankha umodzi. Ndidauika pa njerwa kuti ukwere, ndipo pansi pa khushoni ndidalowetsa thabwa. Ndidamukhazikanso. Apa mapazi adaponda bwino pansi, msana udawongoka. Iye adayang'ana kumiyendo ya mpando.

“Njerwa,” adatero. “Pabalaza panga.”

“Ndiziphimba.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi thumba.”

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adati m'sutikesi muli chitenje chobiriwira cha masamba, nditenge chimenecho, ndichipinde bwino m'makona. Chidwalireni, aka kadali koyamba kundituma chinthu. Ndidachipinda katatu konse iye akukana, mpaka adangosiya kulankhula.

Kenako pansi. Polishi ndi amene adatigwetsa. Ndidatenga mchenga, madzi ndi chidutswa cha njerwa, n'kuyamba kukhula. Iye adamva phokoso ali kuchipinda.

“Bambo, mukupalanji?”

“Polishi.”

Tsiku limenelo phala adakana, mawa lakenso adakana. Ndidaima pakhomo la chipinda mbale ili m'manja, osadziwa ngati ndikumuchiritsa kapena ndikumumaliza. Ndidabwerera kukakhula. Simenti idasanduka yotuwa, yamawangamawanga, yokhakhala ngati mwala wonolera. Phazi silinkaterereka.

Chidatsala n'chogwirira. Ndidali ndi mitengo ya bulugamu imene ndidasungira chigafa choyanikamo fodya. Ndidasankha yowongoka. Ndidaboola khoma, n'kuzika zichiri ndi simenti, n'kukhomerapo mitengoyo kutalika kwa m'chiuno mwake. Idayambira pakhomo la chipinda, kutsata khoma la kudzanja lake lamphamvu, kufika pampando uja. Kabati idali panjira. Ndidaikankhira kukhoma lina, mbale imodzi idasweka, ndidakakwirira zidutswa kuseri kwa khola. Matumba a chimanga ndidawasamutsira kuchipinda kumene mwana ankagona kale, kuti mpando uyang'ane kukhomo, aziona njira ndi anthu opita kumjigo.

Nditamutulutsa kuti aone, adagwira mtengo ndi dzanja lamanja. Adayang'ana uku ndi uku.

“Mwamanga chigafa m'nyumba.”

“Gwiritsitsani.”

“Fodya wake ndine?”

“Pondani.”

Adati makungwa akumulasa. Ndidasenda, ndidapala ndi chidutswa cha botolo mpaka kusalala, ndidapaka vanishi. Adati bola, koma abusa akabwera ndiziyalapo nsalu.

Tidayamba kuyenda m'mawa uliwonse. Iye kutsogolo, ine pambuyo nditagwira chitenje chake m'chiuno. Mwendo wakufa ankaukoka. Masiku ena ankafika pakati n'kunena kuti ndimubweze. Masiku ena ankanditukwana, munthu amene moyo wake wonse sadatukwanepo. Ndinkangomva. Akafika pampando ankakhala mpaka masana, ndipo amayi odutsa ankamupatsa moni ali panjira. Pamenepo ankadya.

Kunja kudatentha. Anzanga adamaliza kugalauza, ine munda udali chikhalire. Nazale ya fodya idauma chifukwa chosathirira. Masana mitambo inkasonkhana kumapiri a kwawo, ndipo ndikaiona ndinkakumbukira mawu a alamu. Ndidayamba kumusiya ayende yekha, manja anga ali pafupi koma osamukhudza. Kutuluka, kuyenda, kutembenuka, kukhala, kudzuka. Zonsezi tidazibwereza mpaka adazidziwa.

Alamu adafika Loweruka lina m'mawa pa galimoto ya bokosi yahayala. Nditaiona galimotoyo ndidadziwa kuti abwera atagamula kale. Ndidawalandira, ndidawalowetsa pabalaza. Adakhala pa sofa ina yosakwezedwa, moyang'anana ndi mpando wa pa njerwa. Adayang'ana pansi, adayang'ana mitengo ya kukhoma.

“Amayi,” ndidaitana, “kwabwera achimwene anu.”

Adatuluka yekha. Adali atavala bulauzi yoyera ndi duku, zimene ndidamuthandiza kumanga kusanatenthe. Adagwira mtengo. Adaponda, adakoka mwendo, adapondanso. Ine ndidaima kukhomo la panja, manja kumbuyo, kuti alamu aone kuti sindikumugwira. Adayenda khoma lonse osapuma. Adafika pampando wake. Mtima wanga udatsika.

Koma sadakhale.

Mkazi wa kwathu sakhala pampando wautali mlongo wake wamkulu ali pansi pake asanamupatse moni. Amagwada. Mkazi wanga wagwadira mlendo aliyense amene adalowapo m'chipinda chimenecho. Ine ndidaganiza za kuyenda, za kukhala, za kudzuka. Za kugwada sizidandibwerere m'mutu, ndipo pamalo pogwadira padalibe chogwira.

Adasiya mtengo. Adapinda bondo labwino. Mwendo winawo udangopindika wokha, ndipo adagwa chammbali, kumbali yopanda dzanja lotchinjiriza. Tsaya lidakhula pa simenti yokhakhala ija. Duku lidavuka. Nditafika pomwe adali, chitenje chake chidali chitanyowa.

Tidamunyamula awiri, ine ndi alamu. Tsaya lidasupuka kuyambira pansi pa diso. Iye ankangoti, “Pepani achimwene, pepani,” uku akufunafuna duku ndi dzanja.

Nditamusintha zovala, alamu adandiitaniranso panja.

“Longedzani katundu wake.”

“Mwaona wayenda yekha.”

“Ndaona. Magazinso ndawaona.”

“Ndiikapo mtengo wina pakati. Ndiyala mphasa. Lero lomwe.”

“Alamu, mwayesetsa. Koma ndinu mwamuna, ndipo muli nokha. Munda wanu ndauona pobwera. Chaka chamawa adzadya chiyani?”

“Ndipatseni mpaka pokolola.”

“Ayi.”

“Mufunseni mwini wake.”

Tidalowa. Adamufunsa. Mkazi wanga adayang'ana pansi.

“Achimwene anena kale,” adatero.

Ndidalongedza. Zitenje, mabulangete, mankhwala, Baibulo lake. Tidayala matiresi kumbuyo kwa galimoto. Anthu a m'mudzi adayamba kusonkhana chapatali. Pomukweza adandigwira malaya ndi dzanja lamphamvu lija, ndipo sadasiye. Woyendetsa adaliza injini.

“Ndipita nawo,” ndidatero.

“Kukatiperekeza?”

“Kukakhala.”

Alamu adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mkamwini wa imvi? Kwathu mulibe munda. Pabwalo mulibe mawu.”

“Ndikudziwa.”

“Ana a dzulo adzakutumani.”

“Adzanditume.”

Alamu adauza woyendetsa kuti azimitse kaye.

Ndidatenga khasu, nkhwangwa ndi jekete. Ndidakhoma chitseko. Makiyi ndi mbuzi ndidasiyira mng'ono wanga. Ndidakwera kumbuyo, n'kuika mutu wake pamiyendo panga chifukwa msewu ndi wa mabampu.

Pano tikukhala kwawo, m'nyumba yaudzu ya malemu amayi ake. Alamu adandidulira kachigawo ka munda pamtsetse, pa miyala. Abale akakhala pansi kukambirana za matenda ake, ine amandiuza zomwe agwirizana akamaliza. Mwana wathu amati ndidafulumira, ndikadadikira amalume ake mtima utsike. Mwina.

Kumusambitsa amamusambitsa abale ake aakazi. Chakudya akamupatsa iwo amatseka pakamwa, choncho dzuwa likafika pamutu amatuma munthu kumunda kudzandiitana.