Bowa wa Pansi pa Bulugama

Ndaswa mwambo sabata ino, anzanga, ndipo ndikuvina! Ndaswa mwambo ine make Esinati, koma mtima uli mbee.

Tamverani. Mwana wanga Esinati anakwatiwa chaka chatha ndi a Wilisoni, ochokera kutsidya kwa Apwitikizi, odula nkhuni za kufakitale ya tiyi. Mkamwini waulemu ameneyo! Tikakumana panjira, iwo kutchire uku, ine kutchire uko. Chibwerereni sitinayang'anane kumaso. Mawu athu onse amadzera mwa Esinati.

Lachitatu mvula itakata, ndikuchokera kotchola tiyi, ndinapeza dengu pakhomo. Bowa woyera, bowa wonenepa, bowa wosekerera! Esinati, ndi pakati pake paja, ali pamphasa akusadzula.

"Amayi, akamwini anu akutumizirani ndelema. Akuti mulaweko thukuta lawo."

"Azula kuti?"

"Komwe amadula nkhuni, pansi pa bulugama."

Ndinasuzumiranso m'dengumo. Ndelema ndimamudziwa kuyambira ndili kamtsikana. Amamera pansi pa msuku, amamera pansi pa mombo, m'nkhalango zija anagwetsa azungu pobzala tiyi. Bulugama ndi mlendo, anabwera ndi fakitale. Chomera pamizu ya mlendo ndichidziwa bwanji ine?

Koma kukana mphatso ya mkamwini, yoyambirira? Ndisaname, ndinayamba ndathokoza. Mumtima ndinati ndilandire bwinobwino, ndikataye kudzala, mawa ndidzatumize mawu kuti anakoma.

Apo Esinati n'kuti, "Bowa wina atengako akamwini anu, akuwotcha kuseri kwa nkhokwe ndi anzawo. Njala yawapweteka."

Mayo ine! Nyamakazi ndinaiwala. Ndinathamanga, ndinazungulira nkhokwe, ndinaima njo pamaso pa mkamwini wanga.

"A Wilisoni, tayani!"

Munthu anadzidzimuka. Chipewa kumaso, bowa kudzanja, mwendo umodzi uli kale m'chimanga.

"Pepani amayi... taonani, nkhono zadyako. Kwathu timati chomwe yadya nkhono, munthunso adya."

"Ndinu nkhono inu? Mwana wanga anakwatiwa ndi nkhono?"

Mnzawo wa kunkhuni, a Pondani, anagubuduka nako kuseka. "Achimwene, lero mwawaona apongozi! Maso awiri ngati ife tomwe, eti?"

Palibe anali ataluma. Palibe, palibe, Mulungu ngwabwino! Tinakumba dzenje, tinakwirira yense, wowotcha ndi wamuwisi.

Mundifunsa kuti kodi analidi wakupha? Sindidziwa, ndipo sindifuna kudziwira pamimba ya mwana wanga. Chomwe ndidziwa n'chakuti dzinja lathali mayi wina wa kumalayini a antchito a tiyi anaphika bowa wofanana ndi ameneyu. Anadya, anakhuta, anagwira ntchito tsiku lathunthu akuimba. Litapita tsikulo ndiye kusanza, ndiye kutsekula. Anamunyamula pamachira kupita kuchipatala cha mishoni, sanabwereko. Bowa woipa sakalipa pomwepo. Amakulola uyamike kaye.

Ndiye ife otchola tiyi, tatani kodi? Poweruka timangozula chilichonse choyera m'mbali mwa njira. Wina ati ukawiritsa kawiri ululu umatha. Wina ati ukayanika padzuwa umathawa. Wina ati nkhono. Anakuuzani ndani? Agogo athu ankadziwa bowa chifukwa ankadziwa mitengo yake. Mitengo yasintha, ife tikuzulabe ndi maso akale. Safunsa anadya phula. Bowa amene sunamudziwe dzina, sunamudziwe mtengo, msiye awole yekha.

Tsono imvani kukoma kwake. A Wilisoni sanakwiye. Anatumiza mawu mwa Esinati kuti ndikawasonyeze bowa weniweni. Loweruka tinapita kunkhalango yotsala cha kwa Changata, ine patsogolo, iwo m'mbuyo patali, ulemu wabwerera pamalo pake. Ndiyankhula nawo bwanji? Ndinayankhula ndi mitengo.

"Iwe msuku, uwauze akamwini kuti uyu ndiye ndelema!"

Kumbuyo kuja ndikumva, "Iwe msuku, uwauze amayi kuti ndamva."

Tinabwerako ndi dengu lodzaza, ine ndikuimba njira yonse. Amayi a pachitsime akundinena, ati nkhalamba yopanda manyazi, yoyang'ana mkamwini m'maso. Aneneni! Mdzukulu wanga akubwera, adzapeza bambo ake ali moyo.

Nanga inu apongozi anzanga, likanakhala khomo lanu, mukanathamanga? Kapena mukanasunga manyazi mpaka kukawalira nawo pamaliro?