Kuseri kwa Malata a ku Paki

Fungo la penti watsopano pa malata otentha limandibwezabe ku chilimwe china cha ubwana wanga ku Livingstone. Ndikangolimva, ngakhale pamene akumanga sitolo wamba, ndimapezeka ndaima pa mchenga wofiira wowotcha mapazi, mphuno nditakanikiza pa lata, diso limodzi nditatsinzina, linalo lili pa kabowo ka msomali. Inali nyengo ija nyenje zimalira tsiku lonse, ndipo utsi wa mathithi, umene miyezi ya madzi ambiri umaoneka uli m'tauni, unali utachepa n'kungotsala kamtambo.

Tinkakhala ku Nottie Broadie, m'nyumba ya mpanda wa nkhadze ndi mtengo umodzi wa mango. Agogo anga anachokera ku Malawi kale kwambiri kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo atate, a Banda, anabadwira pomwepo n'kukula mpaka kukhala woyendetsa sitima ya katundu. Chaka chimenecho anthu ambiri a ku njanji anachotsedwa ntchito, atate ali m'gulu lomwelo. Ovololo yawo ya buluu inkalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko, ikununkhabe girisi ndi dizilo. Amayi anayamba kukazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsika. Atate ankatuluka m'mawa atavala jekete la kutchalitchi kukafunsa ntchito m'mahotela ndi m'magalaja, n'kubwera masana nsapato zitayera ndi fumbi. Ine zimene ndinkaona n'zoti tsopano atate ankapezeka pakhomo, ndipo zinkandikondweretsa.

Pa msewu wopita ku mathithi panali malo osewerera ana amene tonse tinkangowatcha kuti ku Paki. Munali akatungwe, chotsetserekapo chachitsulo chimene chinkawotcha ntchafu, ndi akavalo amatabwa ozungulira, wina wopanda khutu. Kumayambiriro kwa chilimwecho, mbali ya kumbuyo inatchingidwa ndi malata aatali, n'kuwapaka penti wobiriwira. Pamwamba anakhomapo chikwangwani chonena kuti zatsopano zikubwera, osatchula kuti n'chiyani. Kuseriko kunkamveka nyundo ndi kuthetheka kwa owotcherera zitsulo. Tikaweruka kusukulu tinkathamangira komweko, ine ndi anzanga awiri oyandikana nafe nyumba, Mubita ndi Mutinta, ndipo tinkapeza ana ena atandandalika kale, aliyense pa kabowo kake.

Tinali ngati azondi aja anatumidwa ku Kanani, aliyense kubwera ndi uthenga wake, mphesa zikukulirakulira pa kukamba kulikonse. Mubita, amene amalume ake ankayendetsa takisi, ankalankhula ngati mwini malo. "Ni chigudumu chikulu, iwe. Ukafika pamwamba uona Zimbabwe yonse, na Botswana futi." Mutinta ankati ayi, akukumba dziwe, chifukwa anaona mapaipi. Mnyamata wina wa kalasi ya patsogolo analumbira kuti kudzakhala chingwe chodumphira, monga chimene alendo amadzimanga nacho m'miyendo pa mlatho. Ngakhale bambo wa ku Mukuni amene ankagulitsa mvuu zosema pafupi ndi chipata anaponyapo yake, kuti anaona lole itadutsa m'mamawa, katundu wake atam'phimba ndi tenti, ndipo pansi pa tentiyo panatuluka chinthu chonga diso. Tinakangana za disolo mpaka kutsala pang'ono kumenyana.

Chifukwa chofupika, ine kabowo kanga kanali ka m'munsi, ndipo ndinkangoona miyendo ya antchito ndi matumba a simenti. Koma tsiku lina miyendo itasuntha, ndinaona zitsulo ziwiri zazitali zitagona moyandikana, zikunyezimira, zikukhota pamodzi. Ndinathamanga mpaka kunyumba. Atate anali pansi pa mango akuwerenga Baibulo lawo lachikuto chakuda. Nditawauza, anaika chala pakati pa masamba n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Zitsulo ziwiri, Nabanda? Zotalikirana bwanji?" Ndinatambasula timanja tanga, ndipo iwo anayeza mpatawo ndi maso.

Mawa lake anapita nafe. Ndimakumbukirabe munthu wamtali uja, mkulu wa mpingo, akugwada pa mchenga ndi buluku la kutchalitchi kuti diso lifike pa kabowo kanga. Mubita anafunsa, "Ba Banda, mwaona chani?" Atate anadzuka n'kusasa mawondo. "Njanji ndithu," anatero. Kuyambira pamenepo chigudumu ndi dziwe zinaiwalika. Paki yonse inali ya sitima, ndipo atate anasanduka mneneri wathu. Ankabwera masana aliwonse. Ankajambula pa mchenga ndi kamtengo mmene njanji ingazungulirire mtengo wa mlambe umene unkaonekera pamwamba pa malata. Ankatifotokozera kuti sitima siikhota ngati galimoto, kuti mabuleki amagwidwa usanafike pokhota, ndiponso kuti ngakhale kasitima kakang'ono kamafuna munthu wodziwa kumva kulira kwa magudumu. Ife tinkawonjezera zathu: mlatho, phanga lamdima, belu lagolide. Iwo ankaseka, koma sankatitsutsa.

Anapita ku ofesi ya pakipo kukadzionetsa. Mayi woyang'anira malowo anawauza kuti makina sanafike onse, adzabwerenso akadzachotsa malata. Kwa atate mawu amenewo anali okwanira. Anatsitsa ovololo pa msomali n'kuichapa okha, amayi n'kuisita ndi simbi ya makala. Pa mapemphero a m'mawa, tisanamwe tiyi, ndinayamba kumva pempho latsopano: "Ambuye, ngati n'kufuna kwanu, mundibwezere pa njanji, ngakhale ikhale yaing'ono." Tonse tinkavomera ameni, wanga kuposa wa onse, chifukwa ndinkafuna kukhala mwana wa woyendetsa kasitima ka ku Paki.

Kenako panabuka mphekesera ina imene inandisowetsa mtendere. Ankati pachipata cha chinthu chatsopanocho padzakhala ndodo yoyezera, ndipo mwana wosafika pa mzere sadzakwera. Ine m'kalasi mwathu ndinali wamfupi kuposa onse. "Iwe Zakeyu, uzaonerera chabe mu mtengo," Mubita ankandinena choncho tsiku lililonse. Ndinayamba kulendewera pa nthambi ya mango mpaka manja kuchita matuza, n'kumauza Mutinta kuti azindikoka miyendo. Atate atatipeza anaseka mpaka kutsokomola. Anandikumbutsa zimene Ambuye Yesu anaphunzitsa, kuti nkhawa siitalikitsa munthu. Kenako anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Usaope, Nabanda. Woyendetsa akakhala atate ako, udzakhala nane kutsogolo."

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi lina masana, ya madontho akuluakulu, dothi n'kutulutsa fungo lake lija. Mawa lake tinapeza malata akuchotsedwa. Njanji inalipodi, koma siinazungulire mlambe. Inali yokwezeka pa mizati, yokwera ndi kutsika ngati msana wa ngamila, ndipo pamwamba pake panali chimbozi chobiriwira cha mipando m'mimba, chamaso aakulu ndi kamwa loseka. Bambo wa ku Mukuni sananame za diso lija. Ana anakuwa ndi chimwemwe, ine ndikukuwa nawo. Nditacheuka ndinaona atate akuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumchira kwa mboziyo mpaka kumutu, akusuzumira m'mipando. Munalibe injini. Munalibe pokhala woyendetsa. Pambali panali kanyumba kagalasi, m'menemo muli mnyamata amene anabwera ndi makinawo, ndipo anakanikiza batani lofiira ndi chala chimodzi. Mbozi inanyamuka yokha.

Atate analowa mu ofesi n'kukhalitsamo. Atatuluka anandigwira dzanja n'kuyamba ulendo wobwerera. Kunyumba anauza amayi mawu ochepa: ntchito yoyendetsa kulibe, koma akufuna munthu wachikulire woima pachipata cha mbozi ndi ndodo yoyezera ana, ndipo atatewo awayesa kaye aone ngati angathe. Amayi anapitiriza kukanda ufa wa zitumbuwa, maso ali m'beseni. M'mawa mwake atate anawerenga salimo lija limati kuli bwino kukhala wapakhomo m'nyumba ya Mulungu. Anawerenga mofulumira kuposa masiku onse. Ovololo yositasita ija inabwerera pa msomali, ndipo m'malo mwake anawapatsa sikipa yachikasu yojambulidwa nkhope ya mbozi pachifuwa, yowathina m'mapewa.

Ine ndinaona ngati pemphero layankhidwa mopitirira. Woyendetsa n'chiyani poyerekeza ndi mwini chipata? Kusukulu ana amene sankandiyang'ana n'komwe anayamba kundigawira chimanga chokazinga. "Ukawauze ba tate bako, ine ndine mnzako ka," ankatero. Ngakhale Mubita anasiya kunditchula Zakeyu.

Anatsegula Loweruka la sabata yotsatira. Kunali nyimbo za pa zokuzira mawu, fungo la mbuliwuli ndi la matope ouma, ndipo mzere wa ana unafika mpaka kwa akavalo amatabwa, amene tsikulo panalibe wowakwera. Amayi anandigulira tikiti n'kundimanga tsitsi ndi riboni, mfundo yake pamwamba penipeni. Atate anaima pachipata ndi ndodo yoyera yokhala ndi kathabwa kopingasa. Pambali pawo panali mayi woyang'anira uja, manja atapinda pachifuwa, akuona mwana aliyense amene ankayezedwa. Mutinta anadutsa. Mubita anachita kuwerama mwamatama kuti mutu usagunde kathabwako. Kenako ndinafika ine.

Ndinaima mowongoka, khosi nditalikoka, n'kunyamula zidendene pang'ono. "Tsitsa mapazi, Nabanda," atate anatero motsitsa mawu. Ndinatsitsa. Riboni inakhudza kathabwa, koma iwo anaika dzanja lawo pamutu panga n'kuiphwatalitsa, ndipo panatsala mpata wa zala ziwiri. Ndinkamva kutentha kwa chikhatho chawo. Akanangopendeketsa ndodoyo pang'ono, ndikanalowa, ndipo ndinadikira kuti atero. Anayang'ana mpatawo, anayang'ana chitsulo chotchingira ana m'mipando ya mbozi, ndipo sanacheukire kwa mayi uja ngakhale ankadziwa kuti akuwaona. "Sunafike, mwanangu," anatero. Mubita anakuwa ali kale pampando, "Ba Banda, ni mwana wanu uyo!" Atate anayankha kuti, "Ndikudziwa," n'kuitana mwana wotsatira.

Ndinakakhala pansi pa mlambe n'kulira mpaka riboni kumasuka. Mbozi inkadutsa pamwamba panga ikugubuduka, anzanga akukuwa, ndipo ndinkaganiza za mngelo wa lupanga lamoto amene anaikidwa pa khomo la Edeni. Ku Sande sukulu sanatiuzepo kuti mngeloyo angakhale atate ako enieni. Amayi anabwera kudzanditenga, ndinakana. Ndinkafuna kuti atate azindiona ndikulira. Ndipo ankandionadi, pakati pa mwana ndi mwana, ndodo ili m'manja.

Dzuwa litapendeka anatseka chipata. Atate anabweza ndodo ku ofesi, ndipo ndinamva mayi uja akuwauza kuti Lolemba abwere m'mawa. Anafika pamene ndinakhala, osandinyengerera, osapepesa. Anangondinyamula n'kundikhazika pamapewa, monga ankachitira ndili wamng'ono kwambiri, n'kuyamba ulendo wa ku Nottie Broadie. Pa khonde la sitolo ina panakhala amuna amene anachotsedwa nawo ku njanji, akusewera nsolo. Anaona sikipa yachikasu ija, ndipo mmodzi anaitana, "Dalaivala! Manje muyendetsa vimbozi?" Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Atate anawapatsa moni aliyense ndi dzina lake, n'kupitirira. Tili pafupi kufika, sitima inalira kuchokera kusiteshoni, kulira kwakutali kuja kwa sitima ya katundu. Ndinamva khosi lawo likuuma pansi pa manja anga. Anaima pakati pa msewu mpaka kulirako kutatha, kenako anandikonza bwino pamapewa n'kupitiriza kuyenda.

Chaka chotsatira mutu wanga unagunda kathabwa kaja ndipo ndinakwera mbozi. Zoona zake, za ulendowo sindikumbukira zambiri. Atate anaima pachipata chimenecho zaka zambiri, ndipo ndodo ija ndi imene inatiphunzitsa sukulu ine ndi azing'ono anga. Ovololo siinatsikenso pa msomali kufikira tsiku limene tinkalongedza katundu wawo atamwalira, ndipo mizere ya simbi ya amayi inali ikuonekabe m'manja mwake.

Tsiku lija ndili pamapewa pawo, ndinkakhulupirira kuti munthu amene anadikira chilimwe chonse n'kubwezedwa pachipata anali mmodzi yekha, ndipo anali ine. Ndinkadabwa kuti Mulungu wayankha bwanji pemphero la atate n'kusiya langa. Lero ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo nthawi imeneyo, ndipo nanenso ndagwadapo pa timabowo tambiri, kuona zitsulo ziwiri n'kumangapo sitima yonse. Ndikudziwa tsopano kuti obwezedwa tinali awiri, ndi kuti salimo lija analiwerenga mofulumira chifukwa mawu akanawathawa. Anapempha njanji, anapatsidwa ndodo, ndipo anaigwira mowongoka ngakhale pamutu pa mwana wawo. Kenako, pa awiri tonsefe, iwo ndi amene ananyamula mnzawo kupita naye kunyumba.