Kalongonda wa Achemwali

Munthu amene anandiphunzitsa kulemba zisudzo ndi yemwenso anandisiyitsa. Papita zaka zambiri, koma ndikamamukumbukira mtima umawawabe. Ndinena mmene zinayendera, ndipo mbali yanga sindibisa.

Matipate atabwera, anthu anamasuka kukamwa. Zimene kale tinkanong'onezana tinayamba kuzinena poyera, ndipo magulu a zisudzo anamera paliponse ngati bowa. Ine ndinali mphunzitsi wa pulaimale kufupi ndi Migowi, ndili ndi makope atatu odzaza timasewero tomwe ndinkachita nato manyazi. Tsiku lina lotsekera sukulu ndinalimba mtima, ana anga a sitandade 7 n'kusewera kamodzi mwa timaseweroto. Titamaliza panabwera mwamuna wamtali, malaya opisira bwinobwino, akukankha njinga. Anali kalaliki pa ofesi ina pa Boma, kwawo kuchigawo chapakati.

"Aphunzitsi, mwalemba ndinu?" anandifunsa.

Ndinavomera, ndikudikira kuyamikiridwa.

"Sewero lanu mutu lili nawo, miyendo lili nayo, koma mimba lilibe. Anthu anu akungolalikirana. Kwanu mukakangana mumayankhula chonchi?"

Ndinapsa mtima mpaka ndinalephera kudya masana amenewo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Loweruka lotsatira ndinapalasa njinga mpaka pa Boma, makope onse atatu ali m'jumbo, ndikufunsira kwa anthu kumene amakhala kalaliki wamwano uja.

Kuyambira pamenepo tinali chala ndi mkomba phala. Iye kulemba kunkamutopetsa, koma akaima pabwalo, ngakhale wogulitsa nsomba ankaiwala ntchentche. Ine pabwalo sindinkatha kanthu, koma cholembera chinkandimvera. Ankawerenga tsamba lililonse lomwe ndalemba, mokweza, akusintha mawu, ndipo pamene pafooka ankangoima n'kundiyang'ana mpaka ndimve ndekha. Ankandiseka kuti Chichewa changa chachilomwe chimayimba ngati kwaya, ine n'kumubwezera kuti chake n'chouma ngati chikonyo. Ahedi atandidzudzula kuti mphunzitsi wanzeru sapanga zisudzo pamsika, ndi iye anabwera kusukulu atavala jekete, n'kuwayankhula mwaulemu mpaka anandisiya. Nditadwala malungo anandikweza pa keliyala ya njinga yake kupita nane kuchipatala, akundiimbira nyimbo za maliro njira yonse kuti ndiseke. Munthu wotere ndikanamubisira chiyani?

Tinasonkhanitsa gulu laling'ono: telala mmodzi, wokonza njinga, ndi amayi awiri a kwaya. Koma nkhani tinkazipanga awirife. Sitinkapeka za m'mutu. Tinkatola zenizeni, zochitika m'midzi mwathu momwemo, ndipo tinali ndi lamulo lomwe tinkalitcha kuchapa nkhani. Nkhani yeniyeni isanakwere pabwalo inkachapidwa katatu. Ngati mwini wake ndi mkazi, m'sewero akhale mwamuna. Mudzi usinthe. Ntchito imene amagwira isinthenso. Tikayeserera komaliza, amene anabweretsa nkhaniyo ndiye ankagamula. Akati "yayera," tinkapita nayo kumsika. Akati "sinayere," tinkabwerezanso. Lamuloli analiyambitsa ndi iye mwini, ndipo ankakonda kunena kuti sitinabwere kudzavula anthu.

Ndili ndi achemwali anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa mayi. Nthawi imeneyo ankagulitsa kalongonda wophika pa msika wa Migowi. Amene sanakulire kwathu kuno sadziwa kuti kalongonda ndi nyemba zoopsa. Amaphikidwa tsiku lathunthu, madzi akutayidwa n'kuthira ena, ndipo wophika akachita ulesi, wakudyayo amaledzera n'kumabwebweta ngati wapenga. N'chifukwa chake kalongonda sagulidwa kwa aliyense. Umagula kwa munthu amene umamukhulupirira. Achemwali anthu ankawakhulupirira, beseni lawo linkatha dzuwa lisanafike pamutu. Anali ndi kaitanidwe kawokawo, kodziwika msika wonse: ankamenya beseni katatu ndi sipuni, n'kukuwa kuti, "Wagonera pamoto uyu, salezeretsa!"

Mnzangayo achemwali ankamutenga ngati m'bale. Ankamutcha achimwene a ku Boma. Ndi iwo anamudyetsa kalongonda koyamba, iye akutafuna maso ali mwaa kudikira misala, ife tikufa nazo nseko. Akabwera Loweruka, mbale yake inkakhala yosungidwa kale.

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Mulanje. Anabwera kumudzi atawonda, akutsokomola, ndipo patangotha miyezi ingapo tinawaika m'manda. Masiku amenewo matendawa sankatchulidwa dzina. Pamaliro ankati wamwalira atadwala nthawi yaitali, anthu n'kumayang'anana ndi diso la m'mbali.

Chaka chotsatira, tikuthyola nandolo m'munda mwa mayi, achemwali anadikira kuti ena atalikire, ndipo anandiyandikira.

"Achimwene, ngakhale ndinu wamng'ono kwa ine, mwinimbumba ndinu. Ana angawa mawa adzakhala m'manja mwanu, ndiye mudziwiretu. Ndinapita kukayezetsa magazi, kutali, kosandidziwa. Andipeza nako."

Sanalire. Manja awo anapitiriza kuthyola nandolo.

"Ndauza inu nokha. Ngakhale mayi asamve. Zikamveka pamsika, ndani adzadya za m'manja mwanga?"

Ndinalumbira kuti nkhaniyo ithera mwa ine. Ndinaisunga milungu iwiri yokha. Inkandilemera, izo n'zoona, ndinkafuna wina wondithandiza kusenza. Koma palinso choona china chimene chimandichititsa manyazi: pamene achemwali ankayankhula m'munda muja, khutu langa lina linali litamva kale sewero. Loweruka lina ndinamuuza mnzangayo zonse. Anapukuta maso n'kunena kuti nkhani yotere ikhoza kupulumutsa anthu, bola tiichape bwino.

Tinaichapa. Mkazi anasanduka mwamuna. Migowi inasanduka mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Kalongonda anasanduka matemba. Linakhala sewero la bambo wogulitsa matemba amene mkazi wake wamwalira, ndipo akubisa zotsatira za magazi poopa kuti anthu amuthawa. Anzathu ena m'gulumo ankangoti tapeka. Tinayeserera mwezi wathunthu, ndipo tsiku lomaliza ndinaonerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndikufufuza achemwali m'sewerolo. Sindinawapezemo. Ndinanena ndi pakamwa panga kuti yayera.

Tinasankha tsiku la msika ku Migowi. Kutatsala masiku awiri, mnzangayo anabwera ndi uthenga woti kubwera alendo a bungwe lina lochokera ku Blantyre, ofuna magulu a zisudzo ogwira nawo ntchito yophunzitsa anthu za Edzi. Magulu onse m'boma muno ankalota mwayi wotere. Pa tsikulo alendowo anafikadi pa galimoto yoyera, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi, n'kukhala pa benchi yomwe tinabwereka kwa telala.

Sewero linayamba mozizira. Inali nyengo ya nandolo, anthu maso ali pa masikelo a mavenda. Amene anaima kutionerera anali ochepa, ndipo ena anayamba kuchoka. Ndinaona mayi wa bungwe uja akuyang'ana wotchi. Mnzangayo anaonanso. Gawo loyamba litatha analowa kuseri kwa nsalu yomwe tinkatchinga, ndipo anachedwako pang'ono. Ine ndinali kutsogolo, kope lili m'manja.

Anatuluka atamanga chitenje cha mmodzi wa amayi a kwaya, duku kumutu, beseni lomwe timayika matemba ali nalo m'chiuno. Anayenda mopendekera kumanzere pang'ono, mmene amayendera achemwali. Anakhala pansi, n'kumenya beseni katatu.

"Wagonera pamoto uyu, salezeretsa!"

Msika unaphulika ndi chikhakhali. Anthu anasiya masikelo n'kuthamangira kwa ife. Poyamba ankaseka chifukwa choti wawatengera ndendende mayi amene onse amawadziwa. Kenako sewero linapitirira mmene tinalikonzera, mawu ake omwe aja ndinalemba ine: womwalira atawonda, ulendo wachinsinsi wa kuchipatala, pepala la zotsatira lobisidwa m'thumba. Anangosintha kuti wamasiyeyo ndi mkazi. Kuseka kunayamba kuchepa. Ndinaona mitu ikutembenuka, umodziumodzi, kuyang'ana kumzere wa ogulitsa zophikaphika. Achemwali anali atakhala pamalo pawo pa masiku onse, sipuni ili m'manja.

Ndikanatha kulowa pabwalo n'kuimitsa. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandigwira miyendo. Ndinangoti kakasi, ndikuwerenga mizere yanga m'kope pamene mnzanga akuitaya pamaso pa anthu. Ndipo ananena bwino, wakubayo. Sanasewerepo bwino chonchija chiyambire. Amayi ena analira, ndipo mayi wa bungwe uja anasiya kuyang'ana wotchi n'kuyamba kulemba.

Titamaliza ndinapita kumene amakhala achemwali. Anali atachoka.

Mnzangayo ndinamupeza kuseri kwa nsalu akumasula chitenje, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala.

"Aise, waona? Tawagwira! Akuti tikakumane nawo Lolemba."

"Wachita chiyani iwe?" ndinamufunsa.

"Dzina ndatchula? Sindinatchule dzina la munthu ine. Sewero limafa, aise, anthu amachoka. Ndinangofuna chowaitanira."

"Anakudyetsa m'mbale yawo. Ankakutcha achimwene."

Anayang'ana pansi pang'ono, kenako anadzutsa mutu. "Ndimva chisoni, zoona. Koma taganiza anthu angati apita kukayezetsa chifukwa cha lero. Komanso nkhaniyi sindinakaitole ndekha kumunda. Unabwera nayo ndiwe."

Ndinamugwira pakhosi pa malaya, telala n'kutileretsa. Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti pamapetopo sananame.

Lolemba anapita yekha. Bungwelo linamukonda, ndipo patapita miyezi ingapo anasiya ukalaliki n'kusamukira ku Blantyre. Asananyamuke anabwera kusukulu, anaima pawindo la kalasi yanga n'kundiitana. Anati wawauza kuti wolemba ndine, ndipo malo a munthu wachiwiri alipo. Ankaganiza kuti akundichitira zabwino, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwake zinali choncho. Ndinamuuza kuti ana akundidikira, ndinabwerera pa bolodi. Sitinayankhulanenso. Gulu lathu linafa chaka chomwecho.

Pa msika wotsatira achemwali anaphika kalongonda monga mwa nthawi zonse. Beseni linabwerera lodzaza. Anaphikanso kachiwiri, kachitatu. Anthu amene anadya za m'manja mwawo zaka zonsezo ankadutsa akuyang'ana kumbali, ena n'kumakoka ana awo. Wina anafika pofunsa mokweza ngati m'beseni simunagwere magazi. Atalephera kachinayi anatsuka beseni n'kuliika padenga la khitchini, ndipo anayamba kuyenda maganyu m'minda ya mpunga kuchigwa, thupi lawo lili lofooka kale. Mayi anamva nkhani ya mwana wawo pachitsime.

Ndinapita kukapepesa. Ndinagwada pakhonde pawo, ine mwinimbumba, ndikufotokoza za kuchapa nkhani, za matemba, za alendo a bungwe, kuti wandipereka ndi mnzanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Achimwene a ku Boma sindinawauze kanthu ine," anatero. "Dzukani, mudetsa buluku."

Sanandikalipire tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandithira madzi otentha.

Ndinganame ndikati mnzangayo sindimusowa. Ndayesapo kulemba kangapo, koma tsamba likadzaza ndimasowa woliwerenga mokweza, ndipo ndimangotseka kope. Wolemba wopanda mnzake womudzudzula amangozungulira pamodzimodzi. Anandipatsa zambiri, ndipo n'chifukwa chake sindimukhululukira. Mlendo akanachita zimenezi ndikanati sadziwa. Iye ankadziwa zonse: lamulo, mayendedwe a achemwali, ndi chimene chidzawachitikire beseni likasiya kutha. Anayeza zonsezo ndi wotchi ya mayi wa bungwe, wotchi n'kulemera.

Mulungu anawasunga achemwali mpaka mankhwala otalikitsa moyo anafika, ndipo anachira thupi. Ena mwa amene ankawayang'ana kumbali anadzapezana nawo pamzere womwewo wolandirira mankhwala. Ana awo ndinawalipirira sukulu, denga lawo likadontha ndinkafolera ndine. Ankandilandira bwino, kundiyalira mphasa, kundifunsa za kusukulu. Ndinayamba kudzinamiza kuti bala lapola.

Masana ena ndinafika kwawo mwadzidzidzi, ndikukankha njinga chifukwa inali itaphulika tayala, choncho sanandimve. Anali kuseri kwa nyumba ndi ana awo aakazi awiri akutong'ola chimanga, akukamba nkhani ina ya pabanja, mawu ali pansipansi, mwa apo ndi apo akuseka. Ndinaima pang'ono, ndikusangalala kumva achemwali akuseka. Kenako mwana wamkulu anandiona, n'kuwagwira amake pa bondo. Achemwali sanatembenuke n'komwe.

"Basi, tidzamaliza," anauza anawo. "Amalume anu abwera."