Mwana Amene Ananenepa pa Kompyuta Yanga

Digiri yanga ya unesi ndinaiphunzira ndili pantchito, pa kakiliniki kena ka ku Shikabeta. Kafukufuku wanga anali wa phala la soya: kodi limanenepetsa ana onyentchera? Mwezi ndi mwezi amayi ankabwera nawo ana, ine n'kuwakoleka pa sikelo.

Kuyeza sikunavute. Mutu unazungulira posankha tesiti, ndiye kuti njira yowerengera manambalawo. Poyamba ndinatenga ti-tesiti, ija yoyerekeza magulu awiri osiyana. Aphunzitsi anga ku Lusaka anaseka pafoni mpaka kutsokomola.

"Mayi, magulu awiriwo mwawatenga kuti? Ana anu ndi omwewo, mwangowayeza kambirimbiri. Pamafunika anova ya miyeso yobwereza, imene imayerekeza mwana aliyense ndi mmene iye mwini analili kale."

Nditaimvetsa, ee, ndinayamba kuyenda ngati nkhukundembo. Ndinkaifotokozera aliyense, ngakhale mlonda wa pageti, amene anangondipatsa moni. Ndipo manambala anandikomera mtima. Kamnyamata kena, kamene kanali kofooka kuposa onse, kanakwera sikelo modabwitsa. Ndinkakatchula ponseponse ngati kuti ndinakabala ndine.

Tsiku lina la sikelo ndinati ndikajambule, chithunzi chikalowe mu lipoti. Aka kanali koyamba kuti ndikweze maso kuchoka pa muvi wa sikelo. Mwana amene anali m'thewera la pasikelo anali ndi ndolo m'makutu.

"Amayi, mwana wanu uja si wamwamuna?"

Amayi ake anayang'ana pansi. "Ba sisita, uyu ndi wa mng'ono wanga. Wanga akudwala, ulendo wautali chonchi sangauthe. Munanena kuti wina akajomba kafukufuku wanu awonongeka, ndiye ndinaopa kukuchititsani manyazi."

Zoona, ndinanenadi zimenezo, mokweza mawu, chala m'mwamba. Ine katswiri wa mwana yemweyo, miyezi yonseyi ndinkayeza mwana wa eni. Manyazi anandigwira, koma mantha anaposa.

Ine ndi amayiwo tinakwera njinga yamoto kupita kwawo masana omwewo. Tinamupeza mwana weniweniyo atagona pamphasa kuseri kwa nyumba, mapazi otupa, tsitsi lofiira. Sanalire pomunyamula. Tinathamanga naye ku chipatala chachikulu, ndipo anachira, ngakhale kuti zinatenga nthawi.

Madzulo a tsiku limene anamugoneka ndinatsegula kompyuta kuti ndifufute manambala abodzawo. Mmenemo iye anali akadali mwana wonenepa kuposa onse.