Tsaya la Ate Marivic

Ntchito yanga yoyamba ku Doha anandipezera ndi mlamu wanga, yemwe anali mlonda ku Al Waab. Anapereka dzina langa kwa ejenti, ndipo patapita miyezi inayi ndinali m'khitchini ya hotela ina ku Al Nasr, ndikutsuka mbale. Umayamba wapala zotsalira, n'kutsira madzi otentha ndi payipi, kusanja mbale m'marake, kenako n'kukankhira m'makina. Matabwa odulirapo sasakanizidwa: lofiira ndi la nyama, lobiriwira la masamba ndi zipatso.

Amene anandiphunzitsa zonsezi anali mayi a ku Philippines, a Marivic, okonza masaladi ndi zipatso. Aliyense ankawaitana kuti Ate, kutanthauza achemwali. Sankaseka, moti poyamba ndinkawayesa onyada. Tsiku lina anandiuza chifukwa chake. Mtsempha wa kutsaya lawo lakumanja unali wodwala kwa zaka zambiri. Kutafuna, kutsuka mano, ngakhale kamphepo kozizira, zinkautsa ululu wonga shoko ya magetsi. Ankadya phala la mpunga lokhalokha, mbali yakumanzere. Mapiritsi ankathandiza, koma ankawapatsa tulo pantchito. Ana awo akaimba pavidiyo ankafunsa kuti amayi akwiyira chiyani.

"Usauze munthu, Chiko," anatero.

Ndinkawalowera m'chila, chipinda chozizira chosungiramo zakudya, kukawatengera mathireyi. Nditamva kuti shifiti yanga isinthidwa, nkhawa inandigwira kuti adzawalowera ndani. Ndinapita kwa a supavaiza, n'kuwauza za matendawo mwachinsinsi, n'kuwapempha kuti Ate awasamutsire kumbali yophikira, kotentha.

"Wachita bwino kundiuza. Khalas, basi, ndikonza," anatero, atandigwira paphewa.

Lachisanu lotsatira kunali ukwati waukulu. A supavaiza anadumpha anthu atatu omwe analibe chochita, n'kuloza Ate. "Yalla, fulumirani, m'chila. Mathireyi onse a zipatso atuluke."

Ndinati ndipite ndine, koma anandibweza kumbale zanga. Ate analowa. Potuluka ulendo wachitatu anangoima njo, dzanja lili pafupi ndi tsaya osalikhudza, misozi ikutsika diso limodzi. Thireyi inagwa, mavwende ali mbwee pansi. Nditacheuka ndinaona a supavaiza atatulutsa kale foni, akujambula.

Masana omwewo anandiitanira ku ofesi. "Sayina apa. Ndi pepala losamutsira Ate kotentha kuja." Mbale zinali zitaunjikana, ndiye ndinasayina osawerenga. Pepalalo linkanena kuti ine ndikuchitira umboni woti Ate anabisa matenda ndipo sangathenso ntchito. Sabata isanathe kontirakiti yawo inathetsedwa. Malo awo anatenga msuweni wa a supavaiza.

Ate ndinakawapeza pageti la akomodeshoni, nyumba yogona antchito, akudikira galimoto yopita ku eyapoti. Ndinaulula zonse. Anayankhula pang'onopang'ono, osatsegula kukamwa kwenikweni.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchito ndi nkhope imeneyi, Chiko. Siinandichotsepo ntchito."

Lero ndine kapitawo wa otsuka mbale pahotela ina. Sindisayina pepala lomwe sindinaliwerenge mpaka pansi, ngakhale wondipatsayo aoneke wachifundo chotani. Ndipo mnzanga akandiuza za matenda ake, ndimafunsa mwini wakeyo chomwe akufuna ndichite, chifukwa nkhaniyo si yanga. Ate ndinawalembera kawiri kupepesa. Foni inaonetsa kuti mauthenga onse awiri anawawerenga. Sanayankhe.