Adiresi ya Amalume Alcide

Mkulu wanga Delphine Poitra wayendetsa basi yachikasu ya sukulu zaka makumi atatu ndi chimodzi kuno ku Turtle Mountain, dera la mtundu wathu, ife eni nthaka oyambirira a North Dakota, ndipo sanatsitsepo mwana pakhomo lolakwika. Ine ndine Ramona, mng'ono wake, ndimaphikira ana pasukulu yomweyo. Musaganize kuti ndikumuyamikira chifukwa cha ubale, ayi. Delphine ndi munthu wovuta kukhala naye. Samwetulira chisawawa, sachedwa, ndipo bodza, ngakhale lija laulemu lakuti "supu yakoma," silituluka pakamwa pake.

Mayi athu atamwalira tinaleredwa ndi amalume Alcide. Ndiwo anaphunzitsa Delphine galimoto ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atamukhazika pathumba la chakudya cha akavalo kuti aziona kutsogolo. Sukulu Delphine anailekeza panjira n'kukwatiwa. Mwamunayo anapita kukagwira ntchito kuzitsime za mafuta kumadzulo, osabweranso. Delphine sanalire pagulu. Anangopita kukalemba mayeso oyendetsa basi.

Kuyambira tsiku loyamba ankasunga kope pansi pa mpando wake. Ankalembamo khomo lililonse, mtunda wake kuchokera pamphambano, mtundu wa chitseko, ngakhale galu woluma. Nyumba zathu zambiri zinalibe nambala. Ife timangoti, "Ukadutsa pamene panafera ng'ombe ya a Gourneau, ukhotere kumanzere," ndipo munthu amafika. Makalata timakatenga ku positi, banja lililonse ndi bokosi lake.

Mu Novembala 2018 tinkasankha aphungu opita ku Washington ndi akuluakulu oyendetsa boma la North Dakota. Kutatsala milungu inayi tinamva kuti lamulo latsopano lakhazikika: wovota aonetse chiphaso chokhala ndi nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Bokosi la ku positi silikuwerengedwa. Tsiku limenelo ndinapsa mtima mpaka ndinapsereza mikate ya ana mazana awiri. Makolo athu anali pano msewu usanalambulidwe, lero tiuzidwe kuti sitikudziwika komwe timakhala?

Ofesi ya mtundu wathu inayamba kupereka ziphaso zatsopano zaulere. Kalaliki wake, mtsikana wina dzina lake Jolene, anali ndi mapu pakompyuta, chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Munthu ankayenera kuloza nyumba yake, makinawo n'kutulutsa nambala. Koma kwathu n'kwa mitengo. Ukayang'ana kumwamba umangoona nkhalango ndi timadziwe, ndipo palibe munthu amadziwa nyumba yake poiyang'ana padenga.

Tsiku lachitatu Delphine, atatula ana m'mawa, analowa muofesimo ndi katoni ya makope khumi ndi anayi n'kudzikokera mpando. Sanapemphe aliyense.

"Bambo Azure, mumakhala pati?" anafunsa Jolene.

"Pafupi ndi kwa mlamu wanga."

"Mlamu wanu uti?"

"Uja woledzera."

"Onse atatu amaledzera," anatero Delphine, maso ali m'kope. "Mamailosi awiri ndi theka kuchokera kutchalitchi, kumanja, chitseko chobiriwira. Jolene, dina apo. Wotsatira! Iwe Curtis, tafola bwino, ndevuzo usandiopseze nazo. Unkandisanzira m'basi Lolemba lililonse."

Anachita zimenezo milungu itatu, pakati pa ulendo wam'mawa ndi wamadzulo, osapuma. Anthu ankatuluka ndi ziphaso zili zofunda kuchokera m'makina.

Anatsala munthu mmodzi, amalume Alcide. Anali ndi zaka 84, ndipo chiyambire 1956 sanaphonyepo chisankho. Nyumba yawo ndi kalavani yamatayala. Nyengo yozizira amaiimika pamalo a makolo athu m'mbali mwa msewu. Kukafunda amaikokera kunyanja kukawedza, ndipo sabwerako madzi asanaume n'kukhala chipale. Kunyanjako kulibe msewu, n'timizere tiwiri ta matayala todutsa m'munda wa udzu. Makina a Jolene sakanapereka nambala pamalo opanda msewu. Chaka chimenecho nyanja inachedwa kuuma, ndipo Lolemba, mawa lake kuli kuvota, amalume anali adakali komweko.

"Tingolemba malo a kumsewuwo," ananong'ona Jolene. "Adzapita ndani kukaona?"

"Pamalopo palibe nyumba, pali njerwa zinayi," anayankha Delphine. "Sindilembetsa munthu pathengo."

Ndinamukokera pakhonde. "Achemwali, mwapenga? Anthu mazanamazana mwawathandiza, ndiye amene anakulerani alephere kuvota chifukwa cha njerwa?"

"Ukalemba bodza limodzi, adzati makope onse ndi abodza. Tenga jekete, tiye."

Tinakwera pikapu yake. Njira yonse ndinali nditamukwiyira. Tinawapeza amalume akukazinga nsomba, chitseko chili pululu, galu wawo atagona pamakwerero.

"Amalume, mawa n'kuvota," anayamba Delphine.

"Ndikudziwa, mphwanga. Ndinayamba kuvota iwe usanabadwe, ndipo palibe anandifunsapo kumene ndimagona."

"Mawa akufunsani. Mapanga awiri avumbwitsa. Tiyeni kumsewu lero."

"Nyanja sinaume."

"Ndiye khalani. Akuluakulu a boma ku Bismarck angowerenga kuti nkhalamba imodzi yachotsedwa, n'kumwa khofi wawo."

"Akamwe! Ine munthu sandisamutsa ndi pepala."

Delphine anatembenuka. Anabwerera m'galimoto, n'kuibweza chammbuyo pang'onopang'ono mpaka inakhudza chitsulo chokokera kalavani. Anatsika n'kuyamba kumangirira. Amalume anatuluka, chiwaya chili m'manja.

"Iwe mtsikana! Ukundibera nyumba masanasana?"

"Sindikuba ayi. Ndikukaiika pa adiresi yake."

"Ramona, tamuuza mkulu wakoyu kuti ndimumangitsa!"

"Mukauza apolisi kuti abwere kuti, amalume?" ndinatero ine. "Adiresi mulibe."

Anandiyang'ana moti ndinaganiza kuti chiwaya chija chitera pamutu panga. Kenako anayang'ana nyanja nthawi yaitali. Mphepo inkawomba, madzi akugavira ngati sadzauma konse. Delphine anali atamaliza kumangirira, koma sanalize injini. Anangoima pambali, manja m'matumba. Ndinamvetsa kuti sakanasuntha nyumbayo eni ake asanalole, ndipo mantha anandigwira, chifukwa nkhalambayi ndi youma mutu kuposa iye.

Amalume anaika chiwaya pansi. Anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kuchotsa okha chipika chimene chinatchinga tayala. Anazungulira n'kuchotsa chinacho.

"Ukandiswera makapu, udzagula," anatero. "Ndipo pachigwa paja uyende ndi giya yoyamba, monga ndinakuphunzitsira."

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Amalume anakhala pakati pathu, galu pamiyendo, chiwaya cha nsomba ndanyamula ine, nyumba yonse ikutitsata pambuyo, makatani akugwedezeka. Titafika pamsewu, magalimoto anayamba kutiimbira mabelu. Curtis uja anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Madala, mwasamuka nyanja isanaume? Dziko latha!"

"Ndikupita kukavota, chitsiru iwe!" anabweza amalume. Apo n'kuti ataiwala kuti amakana.

Tinaimika kalavani panjerwa zake. Delphine anayang'ana mtunda pagalimoto, n'kutulutsa kope n'kulemba: mamailosi atatu ndi theka kuchokera pamphambano, kumanzere, chitseko choyera, galu saluma. Tinathamangira kwa Jolene. Chiphaso chinatuluka nthawi ili cha m'ma 2 koloko, ndipo pofika 3 koloko Delphine anali pachiwongolero cha basi, akukalipira ana kuti akhale pansi.

Lachiwiri kunazizira koopsa. Mzere unatuluka muholo yovoteramo mpaka kukafika pamalo oimika magalimoto. Anyamata ankaimba ng'oma pakhomo, ife amayi tikugawa supu ya timibulu ta nyama ndi mikate yokazinga. Amalume anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo anakana kulowetsedwa kutsogolo. Anaima pamzere ola lathunthu.

Patebulo loonetsera ziphaso panali Marlys, mayi amene amawadziwa amalume chibadwire.

"Chiphaso chanu, bambo Alcide."

"Sukundidziwa iwe?"

"Ndikukudziwani, koma lamulo silikukudziwani."

Anatulutsa chiphaso m'thumba la pamtima. Sanachipereke msanga. Anachitalikitsa ndi maso n'kuwerenga mokweza kuti holo yonse imve: "Alcide Belgarde! Nambala 4127, msewu wa 98! Amene akundifuna andipeza pamenepo!"

Anthu anawomba m'manja, ena akuliza mluzu. Ine misozi inangotsika, chipande chili m'manja, osachita nazo manyazi. Amalume analowa mokavotera n'kukhalitsamo, chifukwa amawerenga dzina lililonse, ngakhale la woyang'anira zamisonkho. Atatuluka, Marlys anawapatsa kapepala komata kaja kolembedwa kuti munthu wavota. Sanakamate pajekete lawo. Anayenda mpaka pamene panaima Delphine n'kukamata pachifuwa pake.

"Aka n'kako, wakuba nyumba iwe."

Delphine anayang'ana kapepalako. Anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira, n'kulanda mbale ya supu m'manja mwanga. Anamwa kamodzi n'kunena kuti, "Yakoma." Zaka makumi asanu ndakhala ndikumuphikira, ndipo mawu amenewo ndinawamva koyamba tsiku limenelo.

Ena amene tinawavotera anagwa, ena anapambana, monga zimakhalira. Koma Marlys, amene wakhala patebulo lija zisankho zambiri, akuti sanaonepo anthu akwathu ochuluka chotero. Amene ankayembekeza kuti tikhala kunyumba anatiwerenga mmodzimmodzi.

Chipale chitasungunuka, amalume anakokeranso nyumba yawo kunyanja. Tsiku lonyamuka ndinawapeza akukhomera thabwa pamtengo wa m'mbali mwa msewu, pafupi ndi njerwa zinayi zija. Anali atalembapo 4127 ndi penti yofiira, manambala akuluakulu oti wakhungu yekha ndiye angawaphonye.

"Bwanji osalikhomera pakalavani, amalume?" ndinafunsa.

"Nyumba ipite kukawedza," anatero, akumenya msomali womaliza. "Adiresi itsale pano izindidikira. Chisankho china chikubwera."